Mkono wa Pakhoma

Kaphokosoko ndinakamva ndili pakhomo, phazi limodzi mkati, lina kunja. Kanali kakang'ono, kongoti du, ngati ulusi wokhuthala ukaduka pamakina. Amuna anga anali ataima kutsogolo kwa galasi lalikulu, chitsulo chachitali chili m'manja, mikono itapindika theka, mitsempha ya pakhosi itatuluka yonse. Chitsulocho chinapendekera kumanja n'kugwa pansi. Iwo anagwira chigongono, n'kukhala pabenchi.

Chimene chinandibweretsa kumeneko ndi tepi yanga yoyezera. Ndine telala. M'mawa umenewo mayi wina anabwera kudzayezetsa diresi, ine kutsegula dirowa, tepi mulibe. Ndinamuyeza mayiyo ndi chingwe ngati ndikuyeza chitseko, manyazi atandigwira, ndipo atangochoka ndinatseka shopu. Wakubayo ndinkamudziwa bwino, ndinkagona naye bedi limodzi.

Jimuyo, malo amene amuna anga ankanyamulirako zitsulo, inali m'chipinda chapansi pa sitolo ya matayala, chopanda zenera ngakhale limodzi. Fungo lake linkakuchingamira pamasitepe: thukuta lakale, mphira, masokosi, ndi mafuta otentha aja opaka pamsana. Mabenchi anali atachita kuda ndi misana ya anthu. Pamsomali panapachikidwa thaulo limodzi lomwe aliyense ankapukutira nkhope, ndipo sindikhulupirira kuti linaonapo sopo chigulireni. Amuna akuluakulu, ena a imvi, ena oti kunyumba kwawo ali ndi adzukulu, anali kubuula uku akudzisuzumira pagalasi. Ndinapumira m'kamwa kuti ndisasanze.

Mwini malowo aliyense ankangomutcha Kochi. Analibe khosi, mutu unangokhazikika pamapewa, ndipo ankayenda mikono itatalikira thupi ngati wanyamula ndowa ziwiri. Anafika pabenchipo osafulumira.

"Tapinda tione, Magetsi," anatero. Kumeneko amuna anga ankadziwika ndi dzina limenelo chifukwa ntchito yawo ndi yokonza magetsi m'nyumba za anthu.

Iwo anapinda mkono wamanjawo pang'onopang'ono, mano atalumana. Mnofu unadzuka, koma osati pamalo ake. Unakakhala m'mwamba pafupi ndi phewa, wobulungira ngati lalanje, ndipo pamwamba pa chigongono panatsala chigwa. Kenaka wina analiza mluzu. Kochi anavula tepi m'khosi mwake, tepi yanga, n'kuikulunga pachotupacho. Atawerenga anagwedeza mutu ngati munthu amene waona chozizwitsa.

"Waphulika," anatero. "Ena amadikira zaka kuti uphulike chonchi."

Anthu anaomba m'manja. Amuna anga milomo inali itayera, thukuta la ululu likutsika m'masaya, koma ankamwetulira. Ndakhala nawo zaka zambiri, ndawaonapo ataledzera, ndawaonapo akutsegula m'mimba, koma sanandinyansepo ngati mmene anandinyansira ndi kumwetulira kumeneko.

Ndinanena kuti mumkonomo mwaduka china chake, ndamva ndi makutu anga. Kochi anaseka, n'kunditcha alamu, n'kuyamba kundiphunzitsa. Akuti mnofu sukula popanda kung'ambika. Munthu akanyamula cholemera timaulusi ta m'kati timang'ambika, thupi n'kutisoka tokhuthala kuposa kale, ndiye ululu ndi chizindikiro choti ntchito ikuyenda. Akuti ine monga telala ndiyenera kumvetsa. Anandibwezera tepi ija ili chinyezi, yofunda. Ndinaigwira ndi zala ziwiri mpaka kunyumba, n'kukaiviika m'madzi a sopo.

Zonsezi zinayamba bwinobwino. Namwino wina anawauza kuti magazi akuthamanga kwambiri, mimba yakula, ayambe kulimbitsa thupi. Miyezi yoyamba ndinakondwa. Ankakwera makwerero osapuma wefuwefu, mkonono wa usiku unachepa, lamba anabwerera pabowo lakale. Koma ku jimuko kunali kachitidwe kawo. Lachisanu lililonse ankayezana mikono, ndipo amene mkono wake waposa onse ankajambulidwa, chithunzi chake n'kumatidwa pakhoma la pamasitepe. Kuyambira pamene amuna anga anamva za khomalo, za magazi zija zinaiwalika. M'mawa ankaswera mazira aawisi m'kapu n'kumeza ataima pasinki, kholingo likukwera ndi kutsika. Anagula chitini cha ufa wosungunula m'madzi, ufa womwe unkawatulutsa mpweya woti mwana wathu wamkazi ankanyamula mabuku ake n'kukawerengera pakhonde. Malaya awo onse ndinawakulitsa mikono ndi manja angawa, ndipo zikomo sindinamumve.

Tsiku lotsatira ngoziyo chigongono chinada. Kudako kunatsika mpaka padzanja, kenaka kunasanduka kobiriwira ndi kwachikasu ngati nthochi yoola. Iwo ankangopakapo mafuta otentha aja mpaka mapilo onse ananunkha jimu. Ndipo ankapinda mkonowo paliponse pamene pali chowala: pagalasi la kubafa, pazenera, pachitseko cha firiji, ngakhale pambali pa ketulo. Kiyi akakana kutembenuka, wolakwa anali loko. Botolo likakana kutseguka, olakwa anali a kufakitale. Ine ndikati tipite kuchipatala, ankati akazi mumaopa chilichonse chimene chikukula.

Chimene chinawaopsa ndi ntchito. Tsiku lina anabwerako dzuwa likadali pamutu, chikwama cha zida n'kuchiponya pampando. Anati anali kumanga mawaya m'bokosi la magetsi, ndipo atamanga masikuluwu angapo dzanja linangofooka, sikuludiraiva n'kumaterera. Kumasula ankatha, kumanga ndiye ayi. Sindinadikire kuti asinthe maganizo. Ndinavala nsapato n'kuwatsogoza.

Dokotala wake anali mayi wotopa, wa magalasi omangidwa ndi kawaya. Anawauza kuti apinde mkono wamanzere, n'kukola ndi chala m'kati mwa chigongono. Panali chingwe cholimba, chooneka ndi maso. Atachita chimodzimodzi kumanja, chala chinangolowa ngati m'pilo. Anafotokoza mosakweza mawu. Mnofu, anatero, umadziwa ntchito imodzi yokha, kukoka. Koma kuti ukoke fupa pamafunika chingwe choulumikiza kufupalo, ndipo chingwe chimenecho n'chimene chinazuka. Mnofu utasowa choukoka pansi unathawira m'mwamba n'kudzikundika. Ine ndinamva msanga, chifukwa ndi zimene amachita lasitiki wa m'chiuno mwa siketi akaduka: amathawira m'kati mwa mpendero, ndipo ukachedwa kumusaka umachita kusula msoko wonse.

"Sikuti wakula," anatero dokotalayo. "Ndi mnofu womwe uja, wangounjikana pamodzi."

Amuna anga anatchula za Kochi ndi timaulusi tong'ambika. Dokotala anavula magalasi n'kutikita m'maso. Anati n'zoona kuti mnofu ukagwira ntchito yolemera umakhuthala, koma umakhuthala munthu akamapuma, akamadya ndi kugona bwino, osati akamauzunza tsiku ndi tsiku. Ndipo chingwe sichilimba msanga ngati mnofu, makamaka kwa munthu wa msinkhu wawo. Kuwawa kwa mawa lake ndi kwina, kuduka ndi kwina. Kenaka anafunsa ntchito imene amagwira. Atamva, anawagwira dzanja n'kuwauza kuti alitembenuze chikhatho chiyang'ane kumwamba, iye akukaniza. Mayi wochepa thupiyo anawagonjetsa ndi zala zitatu.

Mnofu umenewo, anatero, si wopindira mkono chabe, ndi umene umapotokola dzanja pomanga sikuluwu. Opaleshoni yobwezera chingwecho pafupa inalipo, koma inkafunika m'masabata awiri kapena atatu oyambirira, mnofu usanafupike n'kumatirira kumene wathawirako. Pambuyo pake miyezi ingapo osanyamula chitsulo. Akapanda kutero mkono udzapola, ululu udzatha, koma mphamvu yopotokola sidzabwerera yonse.

Ndinkayembekezera kuti afunsa za ntchito, kapena za kuopsa kwa opaleshoni. Iwo anayang'ana chotupa chija n'kuchisisita.

"Ndiye mukasoka, ichi chitsika?"

"Chitsika. Chibwerera m'malo mwake."

Nkhope yawo inagwa ngati ya mwana amene walandidwa mpira. Ndinayang'ana kukhoma, chifukwa ndikanawayang'ana iwo ndikanalankhula zoti dokotala sanayenere kumva.

Anatipatsa tsiku la opaleshoni, ndipo mwatsoka linali Lachisanu. M'mawa mwake ndinalongedza kachikwama: thaulo, mswachi, malaya omanga mabatani kutsogolo oti asavutike povala. Iwo anali asanadye kanthu monga anawalamulira. Nditalowa kubafa ndinamva akunena kuti akupita pakona kukameta ndevu, asakagone pamaso pa madokotala ngati chigawenga. Ndinatuluka, ndinavala, ndinakhala pampando chikwama chili pamiyendo. Dzuwa linakwera. Kwa wometa sindinapiteko n'komwe, miyendo inanditengera yokha kusitolo ya matayala.

Ndinawapeza atavula malaya, ataima kutsogolo kwa nsalu yakuda yomwe anaipachika pazitsulo. Thupi lonse anali atawapaka mafuta ophikira kuti liziwala, botolo lake lili pabenchi. Kuda kwa pachigongono anali atakukulunga ndi bandeji yoyera ngati ya osewera nkhonya. Kochi anali atagwada ndi foni, akuwauza kuti akweze pang'ono, apume, alimbitse. Mafuta ankayenderera m'nthiti n'kumalowa m'kabudula.

Kochi ndiye anayamba kulankhula, monga mwa nthawi zonse. Akuti madokotala amakonda mpeni, akaona mnofu weniweni amanjenjemera chifukwa iwo cholemera chimene ananyamulapo ndi cholembera. Akuti iye wathyokapo paliponse ndipo sanasokedwepo. Ndinamusiya alankhule mpaka malovu atamuthera, maso anga ali pa amuna anga.

"Abambo, akutidikira kuchipatala."

"Ndipita sabata yamawa. Angojambula kaye, chisanatsike."

"Mkono umenewo si wanu nokha. Tonse m'nyumba muja timadyera momwemo."

Anatsitsa mkonowo, ndipo kwa kanthawi ndinaona munthu amene ndinakwatiwa naye. Analankhula motsitsa, kuti anzawo asamve.

"Moyo wanga wonse ndimakhala m'denga la anthu, m'fumbi ndi makoswe. Magetsi akayaka amayamikira babu. Sindinakhalepo pakhoma la munthu aliyense, mayi. Ndisiye ndikhalepo kamodzi."

Chisoni chinandigwira, sindikana. Ndikanakhala mkazi wofatsa mwina ndikanapeza mawu abwino, n'kuwapukuta mafutawo, n'kuwatenga. Koma Kochi anati, "Limbitsa, Magetsi, mafuta akuuma," ndipo iwo anatembenuka nthawi yomweyo ngati galu womvera mluzu, n'kukweza mkono uja, n'kumwetulira. Chisoni chonse chinasanduka nseru. Ndinaika kachikwama kaja pabenchi pafupi ndi botolo la mafuta, n'kukwera masitepe.

Sabata yamawayo sinafike. Kuchipatala anati malo awo anapatsa wina, ndipo tsiku lina limene anawalembera linali kutali. Pofika tsikulo kuda kunali kutatha, ululu utazilala, iwo n'kumati mwaona, ndapola ndekha. Ku jimu anabwerera. Zitsulo ankanyamula zochepa, koma ulemu unali wochuluka, poti chithunzi chinali pakhoma. Ine sindinapite kukachiona. Tepi ndinagula ina n'kumaisunga m'thumba la epuloni, ndipo yakale ija ndinaitaya.

Ntchito ankagwirabe, movutikira. Anayesa kumanga ndi dzanja lamanzere, koma linali lochedwa ndiponso losamva. Anagula kamakina ka batire komangira masikuluwu, koma m'timabokosi ta m'khoma sikankalowa, ndipo ngakhale kalowe, kumanga komaliza kumafuna dzanja lomva kuti waya wagwira. Iwo eni ndiwo anandiphunzitsa kalekale, tili pachibwenzi, kuti waya womangidwa mofooka amatentha pang'onopang'ono mpaka tsiku limene adzayake.

Waya wotero anayakadi kwa mphunzitsi wina wopuma ntchito, mayi wachikulire yemwe amuna anga ankamukonzera magetsi kuyambira kale. Soketi ya kuseri kwa firiji inasungunuka masana, khoma linada mpaka kudenga, ndipo mwayi wake mayiyo anali pakhomo n'kumva fungo. Sanakalipe. Anangowaitana, n'kuwaonetsa sikuluwu yomwe inkazungulira ndi chikhadabo, n'kuwafunsa ngati akudwala. Nkhani yotere siyenda pansi. Foni yawo, yomwe kale inkalira mpaka kutisokoneza pakudya, inayamba kugona tsiku lonse patebulo.

Apo m'pamene anabwerera kwa dokotala uja okha, osakankhidwa. Anabwerako atanyamula malaya paphewa. Akuti mnofu unafupika n'kumatirira, sungakokedwenso kufika pafupa. Yatsala ndi opaleshoni ina yaikulu, ya kuchipatala chakutali, yoikirira chingwe chochotsa pena, ndipo ngakhale imeneyo dokotala sanalonjeze kanthu. Sanapiteko. Ku jimu anasiya, osati chifukwa chozindikira, koma poti Lachisanu lina tepi ya Kochi inayamba kunena zoona. Mnofu wosakoka kanthu umafota. Lalanje lija linayamba kufwapa n'kulendewera, ndipo Kochi anapeza mkono wina woti aziuombera m'manja.

Masiku ano Loweruka sinditsegula shopu. Ndimanyamula chikwama cha zida n'kutsagana nawo kwa anthu ochepa amene akuwaitanabe. Iwo amayeza, amadula, amasenda mawaya n'kuwalowetsa m'malo mwake, kenaka amasuntha, ine n'kumanga. Manja a telala ndi olimba kuposa mmene anthu amaganizira. Eni nyumba amati n'zosangalatsa kuona banja likugwirira ntchito limodzi, ndipo ine ndimangoti zikomo. Madiresi a Loweruka, omwe ndi amene ankabwera ambiri, anapita kwa telala wa tsidya lina la msewu.

Loweruka lina ntchito inatifikitsa kufupi ndi sitolo ya matayala ija. Ndinafuna kudzera njira ina, koma iwo anali atatsogola kale. Chithunzi chija chinali chitachoka pamasitepe. Kochi anachikulitsa n'kuchiika pachikwangwani cha panja, pamwamba pa khomo, pamodzi ndi mawu olonjeza mkono wotere m'miyezi itatu. Aka kanali koyamba kuti ndichione. Panali phewa lonyezimira mafuta, chotupa chija, ndi bandeji yoyera. Mutu panalibe. Anaudula pakhosi kuti mawuwo akwane.

Pansi pa chikwangwanicho panaima anyamata awiri a ndevu zongomera, zikwama zili kumsana, makosi ali m'mwamba. Wina ankauza mnzake kuti iye akufuna wotero ndendende, ngakhale zitawawa bwanji, poti amati kuwawako ndiye kukula kwake. Mnzakeyo ankapinda kamkono kake n'kumayerekeza.

Amuna anga anaima. Nanenso ndinaima, lamba wa chikwama akundidula paphewa. Ndinawaona akuyang'ana anyamatawo, akuyang'ana chithunzi, ndipo mumtima ndinati lero alankhula. Palibe munthu padziko amene akanawachenjeza anawo bwino kuposa iwo. Anasendera pafupi n'kukhosomola pang'ono.

"Achimwene," anatero, "mkonowo ndi wanga."

Anyamatawo anatembenuka n'kuwayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Amuna anga anali atayamba kale kukwinya mkono wa malaya, malaya omwe ndinawakulitsa ndekha aja, omwe tsopano ankangokupiza ndi mphepo. Anaukwinya mpaka paphewa, n'kupuma mwamphamvu, n'kupinda. Kanyama kofota kaja kanagwedezeka pang'ono pansi pa khungu, ngati mbewa ili m'thumba.

Sindinadikire kumva zimene anyamatawo anayankha. Ndinasinthira chikwama paphewa lina n'kupitiriza ulendo, chigwiriro cha sikuludiraiva chikundigunda m'nthiti. Nditafika pakona ndinacheuka. Anali adakaimabe pansi pa chikwangwanicho, mkono uli m'mwamba, akuloza ndi dzanja lamanzere pamene panayenera kukhala mutu.